Chisoti cha Adrian: musayambe ndi baji, yambani ndi penti

Anzanga amene mumasonkhanitsa zisoti zakale za asilikali a ku France, maganizo anga ndi awa: chisoti chabodza kotheratu sichivuta kuchizindikira. Chimene chimadyera anthu ndalama ndi chisoti cholumikiza, chomwe chigoba chake n'chenicheni, baji yake n'yeniyeni, koma ziwirizo zinakumana chaka chatha pa tebulo la wogulitsa.

Ndikunena za chisoti cha Adrian cha 1915, cha pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chotchedwa dzina la Louis Adrian, mkulu woona za katundu wa asilikali. Zinapangidwa mamiliyoni ambiri, choncho kupezeka kwake si chodabwitsa. Mtengo umakwera chifukwa cha baji yapamphumi. Asilikali oyenda pansi, omwe anali ochuluka koposa, ankavala bomba loyaka moto lokhala ndi zilembo RF (République Française, dzina la dziko la France). A mizinga anali ndi mizinga iwiri yopingasa, a chasseurs (magulu a asilikali oyenda mwachangu) lipenga la alenje, a m'madera olamulidwa ndi France nangula, ndipo a magulu a kumpoto kwa Africa otchedwa zouaves ndi tirailleurs mwezi wokhala kumene. Munthu wadyera amachotsa bomba wamba n'kuikapo nangula kapena mwezi, mtengo n'kukwera.

N'chifukwa chake ndimati penti ndiye mboni. Baji imagwira ndi timiyendo tiwiri tolowa m'timing'alu tiwiri ta pamphumi, topindidwira mkati. Yang'anani timiyendoto ndi galasi lokulitsa zinthu. Topindidwa kamodzi timakhala tosalala, dzimbiri lake lofanana ndi la chitsulo choyandikana nacho. Towongoledwa n'kupindidwanso timakhala ndi makwinya, penti yothetheka ndi zipsera zowala za pulayala. Kenako walitsani tochi cham'mbali pamphumi. Baji imene yakhala malo amodzi zaka 100 imasiya mthunzi wake pa penti, ndipo fumbi limaumirira m'mphepete mwake. Mukaona mthunzi wa bomba ukusuzumira kunsi kwa nangula, nkhani yatha. Mtundu nawo uzigwirizana. Zisoti zoyambirira zinali zobiriwira ngati mitambo, mtundu wotchedwa bleu horizon, ndipo pambuyo pake ankazipaka utoto wodera wosanyezimira kuti zisaonekere patali. Asilikali a ku Africa ndi a m'madera olamulidwa ankakhala ndi za khaki. Penti yopakidwa kachiwiri ndi burashi si mlandu, asilikali ankachita zimenezo, koma iyenera kukuta chigoba ndi baji pamodzi, n'kutha mofanana. Penti yokhala pamwamba pa maenje a dzimbiri ndi yaposachedwa, chifukwa chitsulo chinayamba chadyeka penti isanafike.

Kapangidwe n'kosavuta kukumbukira. Cha 1915 chili ndi zidutswa zinayi: chigoba, mlomo wakutsogolo, mlomo wakumbuyo, ndi tsumba lapamwamba lobisa bowo lolowetsa mpweya. Milomo iwiriyo imakumana m'mbali, pamwamba pa makutu. Chitsulo chake n'chofewa, chochindikala mamilimita 0.7, maginito amachigwira, ndipo chonse pa sikelo chimasewera cha m'ma magalamu 700. Pa chisoti cha Adrian cha 1926, chigoba ndi milomo n'chidutswa chimodzi cha chitsulo cholimba cha manganese. Wina akakugulitsani chopanda msoko ngati cha nkhondo ya ku Verdun ya 1916, akukunamizani kapena sakudziwa chimene wanyamula. Baji yozungulira ngati ndalama ndi ya 1937, ilibe malo pa chisoti chimene akuti sichinakhudzidwe chichokereni ku nkhondo yoyamba.

Mkati ndimo anthu amafulumira, pamene ndimo muli umboni wambiri. Zigoba zinali za misinkhu itatu, A, B ndi C, ndipo chikopa chamkati chiyenera kukwana chigoba chake popanda kukwinyika kapena kukokedwa. Pakati pa chikopa ndi chitsulo pamakhala timalata ta aluminiyamu tamizeremizere. Chikopa chakale chimauma, chimada mmene munkakhudza thukuta, makamaka pamphumi, osati paliponse mofanana ngati chopakidwa polishi. Chinunkhizeni. Fungo la guluu kapena la chikopa chatsopano silibisika. Ulusi wa nayiloni sunalipo mu 1915, ndipo ulusi woyera wamakono kawirikawiri umawala pansi pa tochi ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet). Lamba wa pachibwano anali wopyapyala ndipo ambiri anaduka, motero lamba wamphamvu wofewa pa chisoti chodyeka ndi wokayikitsa.

Kachitsulo ka mkuwa kolembedwa Soldat de la Grande Guerre 1914-1918 kankaperekedwa kwa asilikali nkhondo itatha kuti akaike pa mlomo wakutsogolo. Nako amakasamutsa, ndiye onani ngati pansi pake pali chizindikiro chakuti kakhalapo nthawi yaitali.

Pogula pa intaneti, pemphani zithunzi zojambulidwa panja masana: mkati mwa pamphumi pamene pali timiyendo ta baji, misoko ya m'mbali, kunsi kwa tsumba, ndi chidindo cha wopanga monga kampani ya Japy ngati chikuoneka. Fanizirani ndi zisoti za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, za ku Musée de l'Armée ku Paris kapena Musée de la Grande Guerre ku Meaux. Wogulitsa wokana kujambula mkati musiyeni.

Ndipo chikafika m'manja mwanu, chonde musachikweche ndi sandipepa, musachipake vanishi, musachotse baji kuti muone kunsi. Pukutani fumbi ndi burashi yofewa, chisungeni pouma, ndipo musachipachike pa lamba wake.