Chenjezo kwa amisiri othira safu mu konkire

Anyamata inu omanga nyumba kuno ku Mulanje, khalani pansi mumve. Khalidwe mwayamba lothira safu kapena sopo wotsukira mbale mu konkire ati kuti ifewe fosholo iziyenda, musiyiretu. Dzana ndaona ndi maso angawa chakwa Chitakale uku, mnyamata akukhuthula paketi yonse mu dilamu ya madzi kenako nkumasakaniza silabu ya munthu, thovu lili phuliphuli, folomani ali pheee pa foni.

Kodi thovulo mukuganiza limapita kuti? Limatsalira mkati momwemo. Konkire ikauma kathovu kalikonse kamasanduka kabowo, ndipo mainjiniya amati mpweya ukaonjezekera ndi 1 peresenti yokha mphamvu imatsika pafupifupi 5 peresenti, nanga inu mukuthira ndi maso opanda muyeso mukudziwa mwalowetsa wochuluka bwanji? Thumba la simenti la 50kg mmene ladulilamu, mwini wake wathyola tiyi miyezi kuti agule, inu nkumusandutsira chinkhupule.

Musandiuze zoti kunja amathira mankhwala a thovu. Eee amathira, koma ndi mankhwala opangidwira ntchito imeneyo, amachita kuyeza, timathovu take ting'onoting'ono tosakwana milimita. Cholinga chake nchakuti kumaiko ozizira ngati Canada madzi akaundana mkati mwa konkire amafufuma, ndiye apeze pothawira asang'ambe msewu. Kwathu kuno kuzizira kotero mwina ku Sapitwa mu June, ndani akumanga silabu ku Sapitwa?

Vuto lathu ndi mvula. Kuno imagwa osati masewera, kuonjezera chiperoni, ndiye konkire yomwa madzi chinyezi chimafika pa mawaya, dzimbiri nkugwira, waya akatupa konkire imasweka yokha. Namondwe Freddy mu March 2023 tonse tinamuona, sindikufuna kukumbutsa anthu maliro.

Konkire ikalimba posakaniza musathamangirenso ndowa ya madzi, madzi ambiri amasiya timabowo chimodzimodzi. Ngati mukufunadi ifewe, m'mahadiweya muli mankhwala ofewetsera konkire, werengani muyeso pa chigubu osati zongoganizira. Mchenga wa matope usefeni kapena muutsuke. Pothira ring'i bimu, konkire yozungulira pamwamba pa makoma ija, sinjani ndi chitsulo, gogodani matabwa mpweya utuluke, osati pochotsa matabwa tipeze mphako ngati mwadutsa chiswe inu nkumata ndi pulasitala usiku bwana asanabwere.

Ndipo inu eni nyumba, silabu imafuna kuthiriridwa masiku 7 osadumphitsa, mphamvu yeniyeni imakwana pa masiku 28. Mmisiri akakupemphani ndalama ya safu mufunseni ngati wabwera kudzachapa.