Ndalama zosungira mbiri zifikenso kwa madala a ku Joni

Sabata yatha ndili kumudzi, amalume anatsegula thiranki yawo yachitsulo yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni. Dzimbiri lagwira makona onse. M'kati muli kabuku komwe ankawadindira masiku a ntchito, chithunzi chimodzi chofwifwa atavala chipewa cholimba cha nyali pamphumi, ndi makalata atatu omwe akazi awo ankalembetsa kwa aphunzitsi poti iwo cholembera sanagwirepo. Kalata imodzi njenjete zadya kale theka.

Ndinangofunsa kuti, "Amalume, munapita bwanji?" Anakamba mpaka nkhuku kulowa m'khola. Kuvulidwa zovala kuti awayeze thupi, kukwera ndege koyamba pa Chileka kukatsikira ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako sitima yapamtunda mpaka ku Johannesburg. Chikepe chotsikira pansi pa mgodi, mtima uli m'mwamba. Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi chomwe ankalankhula ndi akapitawo, mpaka lero akakwiya chimawatulukabe. Atafika pa ngozi ya mu Epulo 1974 ya ndege ya Wenela (bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi), yomwe inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, anakhala chete kanthawi. Ngozi imeneyi ndi yomwe inachititsa Kamuzu kuletsa anthu kupita kumigodi. Njira inatsegukanso pansi pa TEBA, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Wenela, n'kudzatsekedwa mu 1988.

Mnyamata yemwe anapita ali ndi zaka 20 mu 1973 lero wadutsa zaka 70. Achinyamata ambiri amakwera basi pa Wenela mu Blantyre osadziwa kuti dzinalo linachokera kuti. Izi zimandipweteka.

Ndalama zosungira mbiri zilipo ndithu, ndipo sindikuzinyoza. British Library, laibulale yaikulu ya ku Britain, ili ndi thumba lotchedwa Endangered Archives Programme, lomwe linayamba mu 2004 ndi chithandizo cha bungwe lachifundo la Arcadia, ndipo lathandizapo kujambula mapepala akale a kuno kwathu kuti asaonongeke. Ku National Archives ku Zomba kuli chuma chambiri. Koma pepala la boma limasunga mawu a bwanamkubwa, a DC ndi a kalaliki. Lidzakuuzani kuti anthu angati ananyamuka m'boma lakutilakuti. Silidzakuuzani za mayi yemwe analima yekha zaka ziwiri, ana atatu ali kumbuyo, akudikira ndalama za ku Joni. Silidzakuuzaninso za machona, omwe zidzukulu zawo zikuvinabe gule wamkulu m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, mudzi wa agogo awo akungoumva dzina.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi khomo lolowera. Ine ndi anzanga tinayesapo kupempha kandalama kwa bungwe lina kuti tijambule madala a m'dera lathu. Fomu yake ya Chingerezi chokhachokha, masamba ambirimbiri. Akufuna bungwe lolembetsedwa, akaunti ya kubanki ya bungwelo, malipoti a zachuma a zaka zam'mbuyo. Mphunzitsi wa kupulaimale yemwe amadziwa gogo aliyense m'mudzi azitenga kuti zimenezi? Mapeto ake ndalama zimapita kwa odziwa kulemba mapulopozo, amabwera pagalimoto, kufunsa mafunso tsiku limodzi, basi. Zomwe ajambula mudzi sudzazimvanso.

Opereka ndalama atseguleko thumba laling'ono la anthu wamba. Alole pempho la m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, ngakhale lolankhula pakamwa. Zofunika sizambiri: chojambulira mawu, thiransipoti, pochajira, malipiro a wolemba zomwe zajambulidwa, ndi kangachepe kwa gogo yemwe wasiya khasu tsiku lonse. Ndipo kope loyamba litsale komweko, kwa amfumu kapena pasukulu, lina ndiye lizipita ku Zomba kapena kunja. Amayi afunsidwe paokha, chifukwa pamaso pa amuna awo amangoti, "Monga anenera bambowa."

Loweruka ndikubwerera kumudzi ndi foni yanga yomweyi. Amalume ati aitana anzawo omwe anagona nawo chipinda chimodzi kumgodi. Anali asanu ndi mmodzi a m'dera lathu. Atsala awiri, ndipo mmodzi makutu ayamba kuvuta.