Dzina lofala kwambiri ku Poland limatanthauza "wobwera", ndipo ine ndalikonda

Chaka chomwe ndinkagwira ganyu yausiku mu warehouse ina kuno ku England, pa pepala la mashifiti panali anthu atatu a dzina la Nowak. Mwamuna mmodzi wachikulire, mayi wina woyendetsa forklift, ndi kamnyamata kena kosachedwa kupsa mtima. Ine mwachimalawi ndinangoti basi, awa ndi banja limodzi, bambo anakokera mkazi ndi mwana pantchito. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi ndinafunsa bambo aja kuti mwana wanu uja bwanji lero sanabwere. Anandiyang'ana ngati ndawabera chikwama. Atamvetsa zomwe ndikunena anaseka mpaka kutsokomola. Sankadziwana n'komwe. Wina kwawo kunali kufupi ndi Poznań, wina ku Kraków, winayo ku Katowice, ndipo anakumanirana pomwepo pa makatoni.

Kuyambira tsiku limenelo dzinali landikhala m'mutu, ndipo lero ndati ndilembe maganizo anga, makamaka chifukwa cha mkangano wa dzulo pa gulu lathu la mpira, pomwe wina analimbikira kuti Mpolishi weniweni dzina lake limathera ndi "ski" ngati Lewandowski, ati enawo ndi ongobwera. Achimwene, mwalasa koma mwalasa mosadziwa. Dzina lomwe lili ndi anthu ambiri kuposa lina lililonse ku Poland silithera ndi "ski", ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo mwanenalo, wobwera.

Poyamba katchulidwe. Chilembo cha w m'Chipolishi chimamveka ngati v, ndiye Nowak amati "Novak". Limachokera ku mawu oti nowy, kutanthauza chatsopano. Nowak ndi munthu watsopano pamudzi, amene wangofika kumene, wamanga kanyumba kumalire, ndipo anthu sanamuzolowere. Likupezeka kale m'zolembedwa za m'zaka za m'ma 1300. Lero m'kaundula wa boma wotchedwa PESEL muli anthu pafupifupi 200,000 a dzinali, m'dziko la anthu pafupifupi 38 miliyoni. Mukawerengera, ndiye kuti pa anthu 190 alionse pali Nowak mmodzi. Wachiwiri ndi Kowalski, yemwe watsalira ndi anthu masauzande ambirimbiri, kenako Wiśniewski, kenako Wójcik. Lewandowski wanu uja ali m'gulu la mayina khumi oyambirira, koma sali pamwamba.

Cholakwa changa mu warehouse muja chinali kuganiza ndi mutu wa mfunda. Kwathu ukamva Phiri kapena Banda, ngakhale anthuwo sakudziwana, pamakhala kankhani kakale kowalumikiza, mpaka ena amayamba kutchulana achimwene pa basi. Nowak si mfunda. Palibe gogo mmodzi wotchedwa Nowak yemwe anabereka onsewa. Dzinali linkabadwa palokhapalokha m'midzi mazanamazana, paliponse pomwe panafika mlendo n'kukhazikika. Mudzi uwu uli ndi watsopano wake, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje ulinso ndi wake, ndipo awiriwo mwina sanaonanepo mpaka kufa. Chomwe chikuwalumikiza si magazi koma chinthu chimodzi chomwe chinachitikira makolo awo, kufika pamalo pomwe panali kale eni.

Ndipo taonani, munthu sadzitcha yekha watsopano. Ndi anansi amene amakutcha choncho. Ili ndi dzina lopatsidwa ndi anthu okuonera patali, mwina monyoza pang'ono, mwina mongosowa chokutchula. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma awa ndi mame omwe sanakamuke. Mlendoyo anakwatira, anabereka, anaikidwa m'manda a pamudzipo, ndipo zidzukulu zake, zobadwira pompo, zomwe sizinaonepo mudzi wina, zinapitiriza kutchedwa atsopano kwa zaka 500. Ine zimenezi zimandiseketsa komanso zimandikhudza.

N'chifukwa chiyani atsopanowo anachuluka chonchi? Chifukwa dziko la Poland linadzazidwa ndi anthu osamuka. M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 mafumu, mabishopu ndi eni minda ankafuna anthu oti agwetse nkhalango n'kutsegula minda, makamaka pambuyo poti ankhondo a Chimongo asakaza kummwera kwa dzikolo mu 1241. Ankaitana anthu ochokera kwina, ena a ku Germany, ena a m'midzi yoyandikana, n'kuwalonjeza zaka zingapo zosapereka msonkho. N'chifukwa chake mpaka lero mapu a Poland ndi odzaza ndi midzi yotchedwa Wola kapena Ligota, mayina okumbutsa ufulu wosakhoma msonkho uja, komanso Nowa Wieś, kutanthauza mudzi watsopano. Patapita nthawi zinthu zinawawa. Alimi anamangidwa ku minda ya mabwana pansi pa dongosolo lotchedwa pańszczyzna, kulima masiku angapo pa sabata m'munda wa bwana popanda malipiro. Wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu yemwe anamva kwa agogo za thangata sakufunika kumufotokozera zambiri. Ena ankathawa usiku n'kukayamba moyo kwa bwana wina kutali, ndipo munthu wothawa safuna kufunsidwa dzina la kwawo. Akakutcha watsopano, umangovomera. Dongosololi linatha mochedwa, mu 1848 m'chigawo cholamulidwa ndi Austria ndi mu 1864 m'chigawo cholamulidwa ndi Russia.

Mayina a anthu wamba anayamba kukhazikika pamene ansembe anayamba kulemba mabuku a ubatizo ndi maukwati, potsatira lamulo la msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa ku Trent womwe unatha mu 1563. Kenako pakati pa 1795 ndi 1918, pomwe Poland inafafanizidwa pa mapu n'kugawidwa pakati pa Russia, Prussia (ufumu wa Chijeremani) ndi Austria, maboma atatuwo ankafuna kudziwa woti akhome msonkho ndi woti apite ku usilikali. Cholembera cha kalaliki ndicho chinaumitsa dzina lomwe poyamba linali longotchulana pamudzi.

Tsopano za "ski" zija. Kumeneku ndiye kuli nkhani ya ulemu ndi kudzikweza. Poyamba mathero amenewa anali a szlachta, gulu la apamwamba eni nthaka, ndipo ankatanthauza "wa kumalo akuti". Mwini wa Tarnów ankakhala Tarnowski. Dzinalo linali ngati chikalata cha munda. Koma chinthu chikakhala cha ulemu aliyense amachifuna, ndiye anthu a m'matauni, kenako alimi, anayamba kudzimatira "ski" kumapeto. Kowal ndi wosula zitsulo, munthu wa mvukuto ndi nyundo. Mdzukulu wake atavala jekete anakhala Kowalski. Ngakhale Nowak yemwe sanasiyidwe, alipo a Nowakowski ambirimbiri, ena ochokeradi kumalo otchedwa Nowaki kapena Nowakowo, ena ongokometsera. Choncho mukaona "ski" lero musafulumire kugwada. Ambiri mwa iwo makolo awo ankagwira khasu ngati athu omwe.

Apa ndiye pali maganizo anga enieni. Pakati pa mayina awiriwa, ine ndimalemekeza kwambiri Nowak. Dzina la "ski" limati malo awa ndi anga, ngakhale pamene si zoona. Nowak sanena bodza lililonse. Amavomera kuti ndinachita kubwera, ndinapeza anthu, anandipatsa pokhala. Ndipo dziko lomwe ena mwa andale ake masiku ano amalankhula mokweza za kutseka malire kwa obwera, likatsegula kaundula wake lomwe, dzina loyamba pamndandanda likuti wobwera. Sindikunena izi monyoza Apolishi, ayi. Anzanga a mu warehouse aja anali anthu abwino, ankandigawira soseji yawo ndi mkate wakuda uja wowawasa. Ndikungoti mbiri ili ndi nthabwala zake.

Si ku Poland kokha. Ku Czech Republic dzina lofala kwambiri ndi Novák, ku Slovenia ndi Novak. Ajeremani ali ndi Neumann, Angerezi ali ndi Newman, tanthauzo lomwelo. Koma ngakhale mkati mwa Poland dzinali silinafalikire mofanana. Ndi lamphamvu kumadzulo ndi kummwera, madera a Poznań, Kraków ndi Silesia. Mukapita chigawo cha Warsaw patsogolo pali Kowalski, ku Lublin kuli Wójcik, dzina lochokera ku wójt, yemwe anali ngati nyakwawa.

Kanthu kena kokoma ndi ka amayi. Mayina a "ski" amasintha, mwamuna Kowalski, mkazi Kowalska. N'chifukwa chake mayi wotchuka wa sayansi uja, Marie Curie, wobadwira ku Warsaw mu 1867, anali Maria Skłodowska pomwe bambo ake anali Skłodowski. Nowak sasintha pa chiphaso, mwamuna ndi mkazi chimodzimodzi. Koma m'kalankhulidwe kakale mkazi wa Nowak ankatchedwa Nowakowa, mwana wake wamkazi wosakwatiwa Nowakówna. Ukangomva dzina unkadziwiratu ngati mayiyo ali pabanja, pomwe za mwamuna dzina silinkaulula kanthu. Masiku ano mathero amenewa akutha, atsala pakamwa pa agogo ndi m'midzi, ndipo sindikuganiza kuti amayi ambiri akuwalira.

Pali a Nowak awiri omwe ndikufuna muwadziwe, chifukwa aliyense analinyamula dzinali mwanjira yake.

Woyamba sanabadwe Nowak n'komwe. Dzina lake linali Zdzisław Jeziorański, wobadwa mu 1914. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Germany italanda Poland, iye anali mthenga wachinsinsi wa gulu lankhondo la mobisa lotchedwa Armia Krajowa. Ankanyamula mauthenga kuchoka ku Warsaw kupita ku boma la Poland lomwe linathawira ku London, kudzera ku Sweden, ndipo anabwerera ku Warsaw kutatsala masiku ochepa kuti anthu a mumzindawo ayambe kuwukira Ajeremani pa 1 August 1944. Dzina lomwe anabisalamo linali Jan Nowak. Tangoganizani, munthu wa dzina la "ski" kulivula n'kuvala la munthu wamba. Kwa ine nzeru yake ndi yoonekeratu, ukafuna kubisa njere ya chimanga umaiponya m'nkhokwe. Jan Nowak, monganso Jan Kowalski, ndi momwe Apolishi amatchulira munthu wamba aliyense, uja timati uje. Nkhondo itatha sanalitaye. Anatsogolera nthambi ya Chipolishi ya wailesi ya Radio Free Europe ku Munich kuyambira 1952 mpaka 1976, ndipo anthu ankamumvera mobisa m'nyumba zawo nthawi ya chikomyunizimu. Anamwalira mu 2005 akutchedwa Jan Nowak-Jeziorański, dzina lobwereka patsogolo, la makolo pambuyo.

Wachiwiri ndiye amandisangalatsa koposa, chifukwa anaponda nthaka ya Africa. Kazimierz Nowak, wobadwa mu 1897, ankakhala ku Poznań ndi mkazi ndi ana awiri, ntchito itasowa. Mu November 1931 anayamba ulendo ku Tripoli, ku Libya, pa njinga yakapalasa yakale. Anapalasa mpaka ku Cape Agulhas, kumapeto kwenikweni kwa South Africa, komwe anafika mu 1934. Ndiye m'malo mokwera sitima yapamadzi kubwerera kwawo, anatembenuka n'kuyambanso kulowera kumpoto kudzera njira ina, pena pa hatchi, pena pa bwato, pena pa ngamila, pena wapansi, mpaka anafika ku Algiers mu November 1936. Makilomita pafupifupi 40,000, yekhayekha, akudyetsa banja lake ndi zithunzi ndi nkhani zomwe ankatumiza ku nyuzipepala za kwawo. Amene mumapalasa kabaza kuchoka pa Lunzu kufika m'tauni n'kumadandaula miyendo, imvani zimenezo. Kwa zaka zisanu munthuyu m'mudzi uliwonse womwe ankafika dzuwa likulowa anali ndendende chomwe dzina lake limanena, watsopano wopempha madzi ndi pogona. Malungo anamufooketsa kwambiri, ndipo anamwalira mu October 1937, chaka chisanathe chibwerereni kwawo.

Patangopita zaka zochepa Apolishi ena masauzande anafika ku Africa osati mwa kufuna kwawo. Anali othawa nkhondo, ambiri amayi ndi ana omwe anatuluka m'misasa ya ku Soviet Union kudzera ku Iran kuyambira 1942. Anawaika m'misasa ku Tengeru ku Tanzania, ku Masindi ku Uganda, komanso ku Zambia ya lero, ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa kufupi ndi Ndola ndi ku Abercorn komwe pano ndi Mbala. Manda awo alipo mpaka lero. Ndipo nkhondo itatha mu 1945, malire a Poland yomwe anakankhidwira kumadzulo. Anthu mamiliyoni anachotsedwa kummawa n'kukaikidwa m'mizinda yomwe dzulo lake inali ya Germany. Breslau inasanduka Wrocław, Stettin inasanduka Szczecin, ndipo pafupifupi aliyense woyenda m'misewu yake anali wofika kumene. Mayina anali ataumitsidwa kale m'mabuku, apo ayi mzinda wonse ukanatchedwa Nowak.

Kenako 2004, Poland italowa mu European Union, anayambanso ulendo, ulendo uno wa ku Britain ndi Ireland, mpaka atatu aja kudzapezeka pa shifiti imodzi ndi ine mnyamata wa ku Ntcheu. Bambo achikulire aja, nditawauza zomwe ndapeza zokhudza dzina lawo, sanadabwe. Anati aliyense kwawo amadziwa, kungoti palibe amene amaliganizira, monga momwe ife sitiganizira phiri tikamaitana a Phiri. Kenako anandifunsa tanthauzo la dzina langa. Ndinayamba kufotokoza za mfunda, za kuchikazi ndi kuchimuna, za malume, koma belu la shifiti linalira ndisanafike pakati, ndipo sabata yotsatira anawasamutsira ku nthambi ina.