Sitiraka ya Tube imaluma amene sangagwirire ntchito kunyumba

M'magulu athu a WhatsApp kuno ku London, nkhani ya sitiraka ya sitima za pansi pa nthaka ikangotulukira, anthu amayamba kutukwana ogwira ntchito m'sitimazo ngati afiti. Akuti ndi adyera, aulesi, okhuta. Ine kutukwanako sindilowa nawo, ngakhale ndili m'gulu la anthu amene sitiraka imatifinya kwambiri.

Kwa inu muli kumudzi, sitimazi kuno amazitcha Tube. Zinayamba kuyenda mu 1863, ndipo lero zili ndi njira 11 ndi masiteshoni 272, zonse pansi pa bungwe la Transport for London. Anthu mamiliyoni amazikwera tsiku ndi tsiku. Ambiri a ife tinasankha kokhala poyang'ana mzere wa sitima, osati kukongola kwa nyumba. Ndiye mu September 2025, mamembala a RMT, bungwe loimira ogwira ntchito m'sitima, atanyanyala, kuyambira Lolemba pa 8 mpaka Lachinayi pa 11 pafupifupi njira zonse zinali zii, mageti a masiteshoni atakokedwa.

Madzulo ake pa TV mumaona azibambo a masuti akupalasa njinga zobwereka za Lime, ena akuseka kuti ayenda wapansi kuwoloka mtsinje wa Thames. Koma ambiri a m'maofesi sanatuluke n'komwe. Chiyambire Covid, bwana amangotumiza uthenga woti sabata ino aliyense agwirire kunyumba, basi nkhani yatha. Munthu amatsegula laputopu ali ndi kapu ya tiyi m'manja.

Bwerani pa siteji ya basi ku East Ham cha m'ma 5 m'mawa mudzaone amene atsala. Osamalira okalamba monga ine, yunifolomu itabisika m'kati mwa jekete. Amayi okolopa m'maofesi, alonda, ophika m'zipatala, anyamata a zomangamanga ndi nsapato zawo zolemera. Timva Chiyoruba, Chitwi, Chibengali, Chishona. Aliyense maso pa foni kuwerenga mphindi. Basi yofiira ija ikubwera, tonse tatambasula mikono, koma ingodutsa vuu, mawindo atachita nthunzi ndi mpweya wa anthu. Pa minibasi ya ku Limbe kondakitala akanakuwa kuti sunthani pang'ono mayi, mpaka malo akanapezeka. Kuno dalaivala akaona kuti yadzaza, sakuyang'ananso. Yachiwiri chimodzimodzi.

Masiku abwino ndimakwera District line, imodzi mwa njira za Tube, kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo kwa mzinda osatsika. Pa sitiraka ndimafunika kukapeza Elizabeth line, imene inatsegulidwa mu 2022 ndipo siili m'gulu la Tube, choncho inkayenda. Koma London yense anali ndi nzeru yomweyo. Pakhomo pa siteshoni mzere mpaka mumsewu, m'kati mwa sitima chikwama cha mnzako chili pamphuno pako. Ndipo pamene iwe ukupanikizika choncho, kuli gogo wina amene sangadzuke yekha pabedi. Mankhwala ake ali m'kabokosi kolembedwa masiku a sabata, kachipinda ka Lachiwiri m'mawa sikanatsegulidwe, ndipo ena mwa mapiritsiwo safuna kumwa mochedwa. Gogoyo sadziwa za RMT. Amangodziwa kuti mtsikana wake uja sanafike.

Ndiye n'chifukwa chiyani sindikwiyira onyanyalawo? Chifukwa ndinamvetsera zimene ankadandaula. Nkhani siinali ndalama zokha. Transport for London inati iwakwezera malipiro ndi 3.4 peresenti, iwo n'kunena kuti vuto lina lalikulu ndi kutopa: mashifiti oyamba usiku usanathe, ena otha pakati pa usiku, sabata ino masana, yamawa usiku. Ankafuna kuti maola a pa sabata ayambe kutsika kuchoka pa 35 kulowera ku 32. Akuluakulu anayankha kuti ndalama zochitira zimenezo palibe. Mukhoza kutsutsa nambalayo, inenso ndikamva 32 ndimaseka chifukwa kwa osamalira okalamba amenewo ndi maola a theka la sabata. Koma za kutopa kwa mashifiti, ndani pakati pathu anganene kuti ndi bodza? Tonse timadziwa kugona masana makatani atatsekedwa, mutu uli waa, ana a aneba akusewera panja.

Komanso manyuzipepala amakonda kuonetsa malipiro a madalaivala ngati kuti onyanyala onse ndi madalaivala. Madalaivala ambiri ali m'bungwe lina, la ASLEF. Mu RMT muli anthu a m'masiteshoni, oyang'anira masiginala, okonza njanji usiku ife tikugona. Bambo uja amene amakuthandiza khadi yako yolipirira ulendo ya Oyster ikakana pa geti, ndi mmodzi wa iwo.

Kunena zoona, chimene chimatiwawa ambiri a ife ndi nsanje. Iwo akaima, mzinda umaima, ndipo meya Sadiq Khan amafunsidwa mafunso tsiku lomwelo. Ife tikaima, amafunsidwa ndani? Ambiri tinabwera pa viza yomangiriridwa kwa kampani imodzi. Ntchito ikakuthera, umapatsidwa masiku 60 kuti upeze ina yokuvomera, apo ayi longedza. Munthu wotero satsegula pakamwa, ngakhale aone kuti nthawi yoyenda kuchoka kwa gogo uyu kupita kwa gogo uyo sikuoneka pa pepala la malipiro. Ndiye mkwiyo umene timaopa kuulozetsa kwa bwana timakautulira munthu wa pa geti ya sitima. Mabungwe oimira osamalira anthu alipo, monga Unison, koma tikakumana kutchalitchi ndikafunsa amene analembetsa, anthu amayang'ana pansi.

Pali kafukufuku wina wa akatswiri a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge pa sitiraka ya Tube ya February 2014. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu 20 amene anakakamizika kusintha njira anapitiriza kudzera njira yatsopanoyo sitiraka itatha, poti inali yabwinoko. Anthu amakonda kuutchula kafukufukuyu ngati chitonthozo. Zabwino zake. Kungoti njira yabwinoko imapezeka ndi munthu amene akachedwa mphindi 40 sadulidwa kanthu.

Apa ndiye pali dandaulo langa lenileni, ndipo likupita kwa otilemba ntchito. Sitiraka kuno siibwera modzidzimutsa ngati mvula ya chizimalupsa. Pa sitiraka ya September 2025 ija lamulo linkafuna kuti bungwe lichenjeze masiku 14 lisananyanyale, ndipo masikuwo analengezedwa paliponse. Amene amalemba ndandanda ya mashifiti kwathu anali ndi milungu iwiri yathunthu yoti aone kuti uyu amakhala kum'mawa, tim'patse agogo a kum'mawa, uyu wa kumadzulo asamalire a kumadzulo. Sanasinthe ngakhale dzina limodzi. Chimene tinalandira Lamlungu usiku ndi uthenga wa pafoni wotikumbutsa kuti tinyamuke msanga, ndi kuti aliyense wofuna Uber alipire yekha.