Anyamata otsegula ampulifaya ndi sikuludiraiva yokha, tamverani kuno

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma tsopano zandikwana. Anyamata inu amene mwadzaza m'zipinda za kuseri ku Turffontein, ku Rosettenville, ku Yeoville ndi ku Mayfair, amene mwayamba kudzitcha amisiri chifukwa munaonera kavidiyo pa YouTube usiku umodzi, tikuuzeni m'chilankhulo chanji kuti mumve?

Sabata yathayi uthenga unafika pa gulu lathu la WhatsApp, lija timasonkherana pa matenda ndi maliro, kuti mnyamata wathu wina wapsa dzanja. Dzina ndilisunga, amayi ake kumudzi sanamve. Mpingo wina wa Amalawi, wa aja osonkhana m'holo ya lendi Lamulungu masana, unampatsa ampulifaya yaikulu imene inkangozima kwaya ili pakati pa nyimbo. Iye anachotsa chivundikiro, n'kuiyatsa m'chipinda mwake kuti aimvetsere. Magetsi n'kuthima, monga amachitira kuno ku Johannesburg. M'malo modikira, akuti anachita kusangalala kuti mpata wapezeka. Tochi ya foni pakamwa, mphete pachala, anapisa dzanja pakati pa makapasita akuluakulu aja. Ndinapita kukamuzonda. Mphete anachita kuidula kuchipatala, chilonda chakuda chazungulira chala chonse, ndipo pa kachitsulo ka kapasita patsala kadontho kosungunuka ka mphete ija. Pulagi inali ikadali kukhoma, switchi yosazimitsa. Ndiye akundiuza maso ali gwa: "Komatu madala, magetsi kunalibe."

Magetsi kunalibe! Nanga chakuwotchacho ndi mfiti? Nanga akanabwera nthawi yomweyo, dzanja lili m'kati, lero bwenzi tikukamba za chala?

Aliyense amene anagwirako ntchito imeneyi ngakhale mwezi umodzi amadziwa kuti kapasita imasunga moto ampulifaya itazima, ngati makala okwiririka m'phulusa amene amakuwotcha phazi m'mawa. Timigolo tija tolembedwa 10,000 µF tinaikidwamo kuti tizisunga basi. Mu ampulifaya yamphamvu ya ma transistor, mbali imodzi imanyamula 50V kapena 70V pamwamba pa ziro, mbali inayo chimodzimodzi pansi pa ziro, ndiye mukagunda zonse ziwiri mwakumana ndi 100V mpaka 140V. Zopepuka zamasiku ano zija, zopanda thiransifoma yolemera, musazione kupepuka: zimatenga 230V ya kukhoma n'kuisandutsa DC (magetsi oyenda mbali imodzi) yoposa 300V pa kapasita yoyamba. Zakale za mavalavu, zimene ena mukutola kwa mabwana anu akamasamuka, zimafika 400V ndi kupitirira. Zimenezi mukupisamo dzanja lonyowa thukuta, muli chiimire pa simenti opanda nsapato?

Ena mwa inu mumati mukudziwa, ndiye mumatenga sikuludiraiva n'kugunditsa miyendo iwiri ya kapasita. Thwa! Moto kuthetheka, anzanu kuseka, inu kudzimva ukatswiri. Mwakumba dzenje pa kachitsulo, mwavulaza kapasita ya eni, ndipo tsiku lina kachidutswa kosungunuka kadzakuthirani m'diso. Resistor, kachipangizo kokhetsera motowo pang'onopang'ono, ya mawati 5 kapena 10, ya ma ohm 1,000 kapena kuposerapo malinga ndi kukula kwa motowo, yomangirira timawaya tiwiri tokutidwa bwino, imagulidwa ndi ndalama yosakwana mbale ya chipisi. Uzule pulagi, uyeze ndi mita yoyezera magetsi, ukhetse ndi resistor, uyezenso. Chavuta n'chiyani pamenepa? Ulesi kapena matama?

Za fyuzi ndiye zimandiwawa mutu. Fyuzi ikaphulika ndiye kuti yakutsinani khutu kuti m'katimo mwafa china, kawirikawiri ma transistor a kumapeto kapena rectifier, chija chimasandutsa magetsi a kukhoma kukhala DC. Inu mumaiona ngati mdani. Wina amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Wina amamangapo waya wa kopa. Wochenjerako pang'ono amaika ya 10A pamene palembedwa 3.15A, kachilembo ka T kaja, kosonyeza kuti ndi fyuzi yochedwa kupsa, osakaona n'komwe, n'kumati yaikuluyi ndiye yolimba. Yolimba kuti chipse n'chiyani? Fyuzi ikakana kupsa, chimapsa ndi thiransifoma, kenako bolodi, kenako katani ili pambali, kenako matiresi. Mukuganiza kuti anaikamo fyuzi aja anali ndi magalasi otaya?

Ndifunseko: ndani mwa inu ali ndi babu loyesera? Osati la LED, limenelo silithandiza kanthu pa ntchito imeneyi. Ndikunena babu lakale la kawaya m'kati, la 60W kapena 100W, lolumikizidwa pa waya wamoyo kuti magetsi ayambe adutsa m'babu asanafike mu ampulifaya. Ukayatsa, babu likawala kamodzi n'kuzilala, ndiye kuti makapasita adzaza ndipo zinthu zili m'malo. Likawala n'kukhala chiwalire, zimitsa, muli shoti, koma palibe chapsa chifukwa babu lagwira mphamvu yonse. Amisiri akale a wayilesi ku Limbe ndi ku Bwalo la Njobvu ankakhala nalo lokhomeredwa pa thabwa. Mababu amenewa akusowa m'mashopu masiku ano, ndiye amene ali nawo awasunge. Koma inu ayi. Mukangomaliza kuwotcherera ma transistor atsopano, pulagi kukhoma, switchi pha, n'kutseka maso. Utsi fuu. Ndalama ya eni yapita m'kuphethira kwa diso, n'kuyamba kunamizira Eskom kuti magetsi awo anabwera ndi mphamvu.

Ndipo mumayesera pa masipika a eni ake. Manyazi mulibe? Ampulifaya yokonzedwa kumene, mita isanagunde n'komwe pa timabowo totulukira ku sipika, inu mwalumikiza kale mabokosi a mpingo amene amayi a chigwirizano anasonkhera chaka chathunthu. Yabwino imaonetsa DC ya timamilivolti tochepa chabe pamenepo. Yodwala imatha kutulutsa 50V yonse ija, ndipo koilo ya sipika imapsa musanafike n'komwe pa switchi, mumangomva fungo. Poyesera pamafunika resistor yaikulu ya ma ohm 8, yomangirira pa chitsulo chochotsa kutentha, volumu kuyambira pa ziro, n'kumakweza pang'onopang'ono dzanja likumva kutentha kwa chitsulo chakumbuyo. Ya mavalavu ndiye ina: imeneyo ukaiimbitsa popanda sipika kapena resistor, umapha thiransifoma yake yotulutsira mawu, ndipo kuipeza ina ndi ntchito. Palinso zija zolembedwa bridge kumbuyo, zimene kabowo kakuda nakonso ndi kamoyo. Ukakagunditsa ku chitsulo cha bokosi poganiza kuti ndi ziro, wayamba ntchito yachiwiri yoyamba isanathe. Mukuzidziwa zimenezi, kapena mukuzimva lero? Safunsa anadya phula, ana inu.

Tsopano ndifike pa chimene chimandilanda tulo. Waya wa earth.

Ampulifaya ikamalira hmmm m'masipika, mwapeza mankhwala achidule: kudula waya wobiriwira ndi wachikasu uja, kapena kumasula pa mwendo waukulu wa pulagi. Phokoso latha, abusa akuthokoza, inu mwalandira yanu. Mwachita chiyani? Mwatchera msampha. Waya umenewo ndi umene umagwira bokosi lachitsulo kuti lisakhale lamoyo tsiku limene waya wofiirira udzaperepeseke n'kugunda chitsulo. Ukachoka, njira ya magetsi yopita pansi ndi munthu. Ndipo munthuyo si inu. Ndi mayi wotsogolera kwaya amene wagwira maikolofoni ndi manja awiri, mlomo uli pa chitsulo. Ndi kamnyamata ka gitala. Ndi mwana amene akukwawa kuseri kwa tebulo nthawi ya ulaliki. Magetsi ochepa zedi akadutsa pamtima amakwana kuimitsa munthu, n'chifukwa chake earth leakage ya pa bokosi la magetsi la m'nyumba, switchi yozimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi, inapangidwa kuti izigwa pa 30mA basi. Nanga m'zipinda zathu za kuserizi, momwe nyumba zisanu zikukoka pa chingwe chimodzi chochokera pawindo la landilodi, ndani anaiyesapo ngati imagwa? Kumene magetsi ake ndi a izinyoka, okokedwa usiku pa pholo, iliko n'komwe? Phokoso lija lili ndi chifukwa chake, mwina zingwe zotha, mwina zida zolumikizidwa pa masoketi osiyana, mwina makapasita okalamba. Funani chifukwacho. Wodula earth asadzabwere kudzandiuza kuti sankadziwa.

Zina ndingodutsamo, chifukwa kuzitchula kokha kukundikwiyitsa. Kupotokola timabatani ta bias, toikira mlingo wa magetsi odutsa m'ma transistor, mwachimbulimbuli, osayeza timamilivolti pa ma resistor a 0.22 ohm aja monga buku la ampulifayayo likunenera, n'kudabwa kuti chitsulo chikutentha nyimbo isanayambe. Kuiwala kapepala ka mica kotchinga magetsi pansi pa transistor, kapena kupaka mankhwala otsukira mano m'malo mwa phala loyera lochotsa kutentha, inde, ndinaziona ndi maso angawa. Kugula ma transistor a 2SC5200 ndi 2SA1943 otchipa pa tebulo la m'mbali mwa msewu, olembedwa Toshiba pamwamba koma m'kati muli kanthu kochepa ngati njere, n'kuuza mwini kuti mwaika orijino. Kuika kapasita motembenuza miyendo, kapena ya 50V pamene panali ya 80V, nkhope ili pamwamba pake poyatsa. Kusiya mita pa ma amp n'kukagunda 230V. Kuwotcherera ndi mtovu m'chipinda chotseka mawindo mwana wakhanda atagona pabedi, kenako n'kudya nsima osasamba m'manja. Kugwira ntchito botolo lili pambali Loweruka usiku.

Nanga lamulo la dzanja limodzi linapita kuti? Ampulifaya ikakhala yoyaka ndipo ukuyeza, waya wakuda wa mita umaumangiriratu ndi kachopanira, dzanja limodzi kugwira wofiira, linalo m'thumba kapena kumsana, kuti zikavuta magetsi asadutse pachifuwa kuchoka dzanja ili kupita linalo. Wotchi, mphete, tcheni cha m'khosi, zonse pansi. Nsapato za labala kuphazi. Munthu wina pafupi amene akudziwa pozimitsira, ndipo akudziwa kuti wogwidwa ndi magetsi samukoka ndi manja. Inu dzanja lamanzere latsamira pa bokosi, lamanja likufufuza, tcheni chikulendewera m'kati, khomo lokhoma ndi loko, foni ili pa TikTok.

Musaganize kuti ndikukalipira anyamata okha. Inu abusa, inu akuluampingo, inu ma DJ a maukwati ndi eni malo omwera, mlandu uwu ndi wanunso. Mumadziwa bwino kuti mwanayo alibe mita, alibe benchi, alibe amene anamuphunzitsa. Mumampatsa chifukwa ndi wotchipa ndiponso ndi wakwathu. Lachisanu madzulo mumamuimirira pakhomo: achimwene, mawa kuli ukwati, ingopangani kuti ilire. Ingopangani kuti ilire! Ndiye akamanga waya pa fyuzi mudzati walakwa ndani? Ndalama ya suti ya abusa ndi keke ya nsanjika zitatu imapezeka, koma ya mmisiri wodziwa ntchito ndiye imasowa? Ndipo ampulifayayo mukailandira mumaiika pansi pa tebulo, nsalu yokongoletsa itatseka timabowo tonse ta mpweya, masipika anayi pa tchanelo imodzi, n'kumadabwa kuti ikuzima pakati pa nyimbo. Mwina sinali yodwala n'komwe. Inkadziteteza kwa inu.

Kaya mwaiwala kale momwe timakhalira mumzinda muno? Chipinda chogawa ndi makatani ndi mabolodi, khomo limodzi, mawindo a zitsulo. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa usiku, anthu 76 anafa, ndipo Amalawi anzathu anali m'gulu limenelo. Sindikunena kuti moto umenewo unayamba ndi ampulifaya, ayi. Ndikunena kuti tonse tinaona chimene moto umachita m'nyumba zodzaza ngati zathuzi, ndipo wina akusiyabe ampulifaya ya fyuzi ya waya ili chiyakire usiku wonse ati akuiyesa, iye wapita kukaonera mpira.

Zikachitika, amene timavutika ndife. Ndife timayenda khomo ndi khomo ndi kabuku, kupempha kwa anthu amene nawonso lendi yawapanikiza. Ndife timathamanga ndi mapepala a kumotchale ndi a ku ofesi ya kazembe. Ndife timakweza bokosi pa ngolo ya galimoto, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, n'kukaima pamaso pa mayi amene ankadikira ndalama ya feteleza, kuwafotokozera kuti mwana wawo anafera ampulifaya ya eni, ntchito ya R300. Mawu ake owauzira mayi amenewo mungandipatse inu?

Kuphunzira ntchito sindikuletsa. Ndi ntchito yabwino, yadyetsa mabanja ambiri, ndipo amisiri enieni alipo mumzinda muno, ena ndi akwathu omwe. Pitani mukakhale pambali pawo, muwagwirire tochi, muwasesere benchi, mufunse. Koma ngati mulibe mita, mulibe babu, mulibe resistor yokhetsera, bwezeranipo chivundikirocho, mangani masikuluwu onse, mukatule katundu wa eni lero lomwe. Ndipo wodula earth uja, ndikukudziwa. Kalumikize Lamulungu lisanafike.