Joyce, Yeats ndi Heaney si alembi a ku Britain

Pali mndandanda wa mabuku umene ukuzungulira, pamwamba pake alembapo kuti "Alembi a ku Britain", m'munsimu muli James Joyce, W. B. Yeats ndi Seamus Heaney. Zandinyansa kwabasi. Anthu amenewa kwawo ndi ku Ireland. Kulemba m'Chingerezi sikumusandutsa munthu Mngelezi.

Heaney anazikana yekha zimenezi akadali moyo. Mu 1982 ndakatulo zake anaziika m'buku la Penguin la alakatuli a ku Britain. Mu 1983 iye anayankha ndi kalata ya ndakatulo imene gulu la Field Day linasindikiza ku Derry, kuwauza kuti pasipoti yake ndi yobiriwira, ya Ireland, ndipo kwawo palibe anakwezapo tambula polemekeza Mfumukazi ya ku Britain. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mwini wake anakana poyera, ndiye inu ndinu yani kuti mumubwezereko ali m'manda?

Joyce anachoka ku Dublin, likulu la Ireland, mu 1904, nakakhala ku Trieste, Zurich ndi Paris. Inde, pasipoti ya Britain anaisunga mpaka imfa. Koma tsegulani buku lake la 1922, Ulysses: nkhani yonse ili mu Dublin, tsiku limodzi, pa 16 June 1904, msewu ndi msewu, sitolo ndi sitolo. Munthu wotere nkumati ndi wa ku Britain?

Chingerezicho a ku Ireland sanachitole mwa kufuna kwawo. Ulamuliro wa London, sukulu, ndi njala ya 1845 mpaka 1852 zinafooketsa chinenero chawo cha Chi-Irish. Sewero la Brian Friel la 1980, Translations, likuonetsa asilikali a Britain ojambula mapu ku Donegal, ku Ireland, mu 1833 akusintha maina a midzi kuti amveke Chingerezi. Mndandanda wanuwu ukugwira ntchito yomweyo, kungoti inu mukusintha mtundu wa anthu. Jack Mapanje amalemba m'Chingerezi ndipo wakhala ku England zaka zambiri. Wina atamulemba kuti ndi mlakatuli wa ku Britain bwenzi tonse titakalipa. A ku Ireland nawo ndi a ku Ireland, basi.

Chinanso chondiwawa, olemba m'chinenero cha Chi-Irish satchulidwa nkomwe. Máirtín Ó Cadhain anatulutsa Cré na Cille mu 1949, akufa akukangana m'manda ku Connemara, buku lalikulu zedi. Pamndandanda paja palibepo.