Mlandu wa ku Salem tisamusenzetse Abigail yekha

Ukafunsa amene aphunzira sewero la Arthur Miller lotchedwa The Crucible kuti woipa mmenemo ndani, chala chimathamangira kwa Abigail Williams. Manotsi ambiri ndi omwewo: mtsikana wabodza, wansanje, wosirira mwamuna wa mwini. Kunama ananamadi, ndipo anthu anafa nalo bodzalo. Koma ine ndimaona kuti tikalekera pomwepo, akuluakulu amene anagwira chingwe tawamasula osawafunsa kanthu.

Nkhaniyi ikuchitika mu 1692 ku Salem, m'dera la Massachusetts ku America, pakati pa a Puritan, Akhristu ochokera ku England amene kwa iwo tchalitchi ndi boma zinali chimodzi. Atsikana apezeka akuvina kunkhalango usiku pamodzi ndi Tituba, kapolo wa m'busa Samuel Parris. Poopa chikwapu, Abigail akukankhira zonse kwa Tituba. Ndiye onetsetsani amene akutsogolera zotsatirazo. Parris akuopseza kapoloyo kuti amukwapula mpaka afe. Thomas Putnam, mwini minda yambiri, akuti anyongedwe, kenako iye yemweyo akumuikira m'kamwa mayina a amayi awiri a m'mudzimo, Sarah Good ndi Osburn. M'busa Hale akumunyengerera kuti akaulula, Mulungu amuteteza. Abigail waima pambali, akuona kapolo amene amati aphedwe akusanduka mboni yolemekezeka chifukwa chongotchula anzake. Njirayo anamuonetsa ndi abusa awiri ndi mwini minda. Iye anangoiphunzira msanga.

Ndipo Abigail ndani ku Salem? Mwana wamasiye amene anaona makolo ake akuphedwa, wantchito wapakhomo wochotsedwa ntchito, wazaka 17. John Proctor, bambo wapabanja amene anagona naye ali wantchito wake, timamuombera m'manja pamapeto chifukwa wang'amba pepala lovomera ufiti ndi kusankha kufa. Kulimba mtima kumeneko sindikukukana. Koma Proctor yemweyu Abigail anamuuza poyambirira penipeni kuti za ufiti palibe, anali masewera chabe, ndipo anakhala nazo chete anthu akumangidwa, poopa kuti chinsinsi chake chiululika. Anadzidzimuka moto utafika pakhomo pake, atatenga mkazi wake Elizabeth.

Chinanso chimene aphunzitsi ambiri amangochidutsa: chibwenzi chimenechi anachipeka Miller. Abigail weniweni anali kamwana ka zaka 11 kapena 12, ndipo Proctor weniweni anali bambo wa zaka pafupifupi 60. Kutanthauza kuti ku Salem kwenikweniko anthu 19 ananyongedwa, mlimi wokalamba Giles Corey n'kuphedwa pomusanjikiza miyala pachifuwa, popanda nkhani ya chikondi iliyonse. Chotsani nsanje ya Abigail, anthu aja akufabe. Chotsani khoti, safa.

N'chifukwa chake ine munthu amene amandiopsa m'seweroli ndi Danforth, wachiwiri kwa bwanamkubwa, amene akutsogolera milanduyo. Sakuwa, sagwa pansi ngati atsikana aja, amalankhula mwaulemu ndi mwanzeru. Maganizo ake ndi akuti ufiti ndi mlandu wosaoneka ndi maso, odziwa ndi mfiti ndi wolodzedwa basi, ndipo poti mfiti singadzinenere yokha, khoti limvere wolodzedwayo. Loya ngwachiyani pamenepo? Ukavomera bodza ukhala ndi moyo, ukakana unyongedwa. Proctor ndi Francis Nurse, amene akazi awo ali m'ndende, atabweretsa kalata yosainidwa ndi anthu 91 ochitira umboni kuti amayi omangidwawo ndi anthu abwino, Danforth akulamula kuti onse 91 agwidwe akafunsidwe. Pamapeto, zitadziwika kuti Abigail waba ndalama za Parris n'kuthawa, Danforth akukanabe kuimitsa kunyonga. Chifukwa chake? Anthu 12 anyongedwa kale pa mlandu womwewo, ndiye kukhululukira otsalawa kuchititsa anthu kukayikira za oyamba aja. Apa sakuteteza Mulungu kapena mudzi. Akuteteza mpando wake.

Hale yekha ndi amene ndimamumvera chisoni pang'ono, ngakhale sindimukhululukira msanga. Anabwera ndi mabuku olemera, wodzidalira ngati katswiri wa za ufiti, nasainira imfa za anthu 72. Maso atatseguka, chimene watsala nacho ndi kuyenda m'ndende kupempha anthu osalakwa kuti aname kuti apulumuke. M'busa kuphunzitsa bodza, mpaka pamenepo.

Pali munthu wina amene sitimukambirana mokwanira: Ann Putnam, mayi amene anaika m'manda makanda asanu ndi awiri. Rebecca Nurse, gogo wolemekezeka m'mudzimo, ali ndi ana 11 ndi zidzukulu 26. Ann sakufunsa kuti ana ake anadwala chiyani, akufunsa kuti anawapha ndani. Funso limenelo ife sitichita kuliwerenga m'buku, timalimva pamaliro. Ku Malawi lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe mu 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chisoni cha Ann ndi chenicheni, ndipo n'chimene chimapweteka. Mwamuna wake ndiye akuchigwiritsa ntchito: Giles Corey akuuza khoti kuti Putnam anatuma mwana wake kunamizira George Jacobs kuti munda wake ukalandidwa augule. Pomufunsa amene anamuuza zimenezi, Giles akukana kumutchula, ndipo kukana kumeneko ndi kumene kukumulowetsa m'ndende.

Za kutchula mayinazi Miller ankazidziwa bwino. Seweroli linayamba kuonetsedwa ku New York mu 1953, nthawi imene Senator Joseph McCarthy ndi anzake ankasakasaka anthu owaganizira kuti ndi achikomyunizimu, ndipo njira yopulumukira inali yomweyo, kutchula anzako. Mu 1956 Miller naye anaitanidwa ku komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza zimenezi. Za iye mwini anayankha, koma mayina a ena anakana. Mu 1957 anamupeza wolakwa pa mlandu wonyoza nyumba ya malamulo, chigamulocho n'kudzafafanizidwa mu 1958. Munthu amene anadutsa mu zimenezi sindikhulupirira kuti mkwiyo wake unali pa mtsikana wantchito.

Aphunzitsi, funso lakuti "fotokozani khalidwe la Abigail" lakalamba. Afunseni ana kuti pa gawo lililonse la seweroli, ndani anali ndi mphamvu yonena kuti basi, ndipo anatani nayo. Ku Salem kwenikweni, atsikana aja anali asanasiye kuloza anthu pamene bwanamkubwa William Phips anathetsa khoti lapadera loweruza milandu ya ufitiyo mu Okutobala 1692. Kuyambira pomwepo sipananyongedwenso munthu.